Nkhope za mafumu a ku India pa dongo: kumene lusoli lachokera ndi mmene limapangidwira

M'masitolo a zaluso ku Jaipur ndi ku Udaipur, m'zipinda zolandirira alendo m'mahotela a ku Rajasthan, komanso pa Instagram ndi pa YouTube, mwachuluka zithunzi zomwe si zopenta chabe komanso si ziboliboli zoima pazokha. Ndi thabwa lopachika pakhoma, ndipo pamwamba pake pamatumphuka munthu woumbidwa ndi dongo: mfumu yovala nduwira, ndevu zopotedwa, mikanda ya ngale itatsika mpaka pachifuwa, nkhope italoza kumbali. Mukayendetsapo chala mumamva mphuno, khutu ndi mkanda uliwonse. Amene anagwirapo khobidi lakale la tambala lokhala ndi mutu wa Kamuzu akudziwa kale mmene zimakhalira. Mutu wonse wa munthu umapanikizidwa mpaka kutsala wopyapyala, koma diso limauonabe ngati wathunthu.

Ogulitsa amakonda kunena kuti ili ndi luso la makolo, lomwe lakhalapo zaka mazanamazana. Mbali ina n'zoona, koma nkhani yake ndi yopotana kuposa pamenepo. Wojambula nkhope za mafumu ankakhala kunyumba yachifumu, ankalandira malipiro a mfumu, ndipo ankagwiritsa ntchito pepala ndi utoto. Woumba dongo ankakhala kumudzi, ankaumba mbiya ndi milungu, ndipo nkhope ya mfumu yamoyo sinali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Chatsopano m'masiku athu ano n'chakuti ntchito ziwirizi zakumana m'manja mwa munthu mmodzi. Pokumanapo pali zimene zapindulika ndi zimene zatayika, ndipo chimene chimatayika msanga ndi chomwe chinali chamtengo wapatali koposa: nkhope ya munthu weniweni.

Pa pepala

Mafumu a ku India ankajambulidwa ndi kusemedwa kuyambira kalekale, koma kawirikawiri mmisiri ankapanga mfumu monga mmene mfumu iyenera kuonekera, ya mapewa aakulu ndi chiuno chaching'ono, ndipo dzina lolembedwa pambali ndi limene linkauza anthu kuti ameneyu ndani. Zinthu zinasintha kwambiri m'nthawi ya Akbar, mfumu ya a Mughal, banja lachisilamu lomwe linkalamulira mbali yaikulu ya India. Iye analamulira kuyambira 1556 mpaka 1605. Mlembi wake, Abul Fazl, analemba kuti Akbar anakhala pansi kuti amujambule, ndipo analamula kuti nduna zake zijambulidwenso n'kusonkhanitsa zithunzizo m'buku limodzi lalikulu. Chofunika chinali kufanana. Wa mphuno yokhota ankatuluka ndi mphuno yake yokhotayo, wamimba ndi mimba yake, wokalamba ndi makwinya ake.

Mwana wake Jahangir, amene analamulira mpaka 1627, ndiye anali ndi diso lakuthwa zedi. M'buku la mbiri ya moyo wake anadzitama kuti atamuonetsa chithunzi chomwe amisiri angapo agwirapo, akhoza kuloza amene anajambula nkhope ndi amene anajambula diso ndi nsidze. Kazembe wa ku England, Thomas Roe, yemwe anafika kwa iye cha m'ma 1615, anamupatsa kachithunzi ka ku Ulaya. Amisiri a mfumu anakakopera kangapo, ndipo Roe anavutika kuti azindikire kake pakati pa enawo.

M'nthawi ya Jahangir ndi ya mwana wake Shah Jahan, amene anakhala pampando kuyambira 1628 mpaka 1658, munakhazikika maonekedwe omwe oumba a lero amawatsanzira. Mfumu imaoneka cham'mbali, diso limodzi lokha, ndipo siyang'anizana ndi woonerayo. Kumbuyo kwa mutu kumakhala kuwala kozungulira. Kuwala kotereku kunalipo m'zosema zakale za Buddha, koma kunyumba ya a Mughal kunabwereranso kudzera m'zithunzi za oyera mtima zomwe ansembe achijezwiti anabwera nazo kuyambira 1580. Ndiyeno pali zenera. Akbar anakhazikitsa mwambo woti m'mawa uliwonse mfumu izionekera pa khonde lapamwamba lotchedwa jharokha kuti anthu aione. Aurangzeb, mwana wa Shah Jahan, anauthetsa mwambowu, koma chithunzi chake chinatsala: mfumu kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, mkati mwa zenera la m'mphepete mopindapinda, kapeti itapachikidwa pansi pake. Zenera lomwelo ndi limene limazungulira zithunzi zambiri zadongo masiku ano, ngakhale oziumba ena sadziwa kuti linali zenera lenileni.

Mafumu achihindu a mtundu wa Rajput, ku Mewar, Marwar, Bikaner, Bundi, Kota, Kishangarh ndi Jaipur, anatenga kajambulidwe kameneka n'kukapatsa mtima wawo. Utoto unayaka, maso anakula, akavalo anachuluka. Ku Kota amisiri ankakonda mfumu ili pa ulenje m'nkhalango yowirira. Ku Mewar, komwe banja lachifumu limati linachokera ku dzuwa, dzuwa lokhala ndi nkhope ya munthu linakhala chizindikiro cha ufumu, ndipo mpaka pano likuoneka pa makoma a City Palace ku Udaipur. Ku Kishangarh, cha m'ma 1750, Nihal Chand anajambulira mfumu Savant Singh nkhope ya mkazi wa maso ataliatali opindikira m'mwamba, nsidze zokwera ndi chibwano chosongoka. Nkhope imeneyi, yodziwika kuti Bani Thani, inaikidwa pa sitampa ya ku India mu 1973, ndipo mwina palibe ina imene oumba amaikopera kuposa iyi.

Chilichonse m'zithunzizi chinali ndi tanthauzo, ndipo anthu a nthawiyo ankachiwerenga ngati kalata. Chokongoletsera cha miyala chobayidwa kutsogolo kwa nduwira, sarpech, chinkasonyeza udindo. Mkanjo wautali wa jama Asilamu kawirikawiri ankaumanga kudzanja lamanja, Ahindu kumanzere. Ndolo za ngale zinafala pakati pa amuna a kunyumba yachifumu kuyambira 1614, pamene Jahangir anabooletsa makutu atachira pa matenda, pothokoza woyera mtima Muinuddin Chishti wa ku Ajmer. Duwa m'dzanja, kabawi padzanja, mpeni wa katar m'lamba, zonsezi zinkanena kanthu. Ngakhale kamangidwe ka nduwira kankaulula kwawo kwa munthu: ya ku Mewar ndi yosiyana ndi ya ku Jodhpur, ya Msikh ndi yosiyana ndi ya ku Mysore.

Pali mfundo imodzi yofunika kuisunga, chifukwa mavuto onse a woumba amachokera pamenepa. Zithunzizi zinali zazing'ono, za kukula kwa tsamba la buku, zojambulidwa ndi burashi ya ubweya wa gologolo, ndipo ankazionera m'manja, osati pakhoma. Mulibe nyali imodzi yowalira kuchokera mbali ina, mulibe mthunzi wogwera pansi. Mzere ndi utoto ndi zimene zimanyamula zonse.

Komabe amisiriwo ankalakalaka kuti pepala litumphuke. Ngale ankazidontheza ndi utoto woyera wokhuthala moti chala chimazimva. Ku Basohli, kumapiri a kumpoto, ankamata tizidutswa ta mapiko obiriwira a tizilombo m'malo mwa miyala ya emarodi. Jahangir, kuyambira 1611, anasulitsa makobidi agolide okhala ndi nkhope yake, ena atanyamula chikho cha vinyo, n'kumapatsa anthu ake apamtima. Mu 1616 analamula kuti Rana Amar Singh wa ku Mewar ndi mwana wake Karan asemedwe pa mwala wa mabulo, ndipo ziboliboli zawo zinaimikidwa m'munda wa pansi pa jharokha ku Agra. Kum'mwera, ku Thanjavur, komwe mafumu a Maratha monga Serfoji II ankalamulira, amisiri ankasakaniza ufa wa choko ndi utomoni, n'kuumba nazo zokongoletsera zotumphuka pa thabwa lokutidwa ndi nsalu, kenako n'kukutira ndi golide wopyapyala. M'zithunzi za ku Thanjavur mikanda ndi mipando imatumphuka koma nkhope imakhala yopenta basi. Zithunzi zambiri zamakono zimatsatira njira yomweyi.

Pa dongo

Dongo lili ndi mbiri yakeyake. Ku Bengal miyala yomangira ndi yosowa chifukwa dzikolo ndi la matope obwera ndi mitsinje, choncho mafumu a Malla ku Bishnupur anamanga akachisi a njerwa n'kuwakuta ndi matailosi adongo owotcha. Kachisi wa Shyam Rai ndi wa 1643, wa Jor Bangla ndi wa 1655, ndipo makoma awo adzaza ndi nkhani za mulungu wachihindu Krishna, nkhondo, maboti ndi alenje. Ndalama zinali za mfumu, koma anthu a pa matailosiwo ndi ang'onoang'ono, ndipo palibe amene ankayembekezera kuzindikira tsaya la munthu wakutiwakuti.

Malo amene ine ndimaona kuti ndiwo muzu weniweni wa nkhaniyi ndi mudzi wa Molela, m'boma la Rajsamand ku Rajasthan, pafupi ndi Nathdwara, m'mphepete mwa mtsinje wa Banas. Mabanja a oumba a mtundu wa Kumhar kumeneko amapanga mapale aakulu athyathyathya okhala ndi milungu yotumphuka. Nthano ya m'mudzimo imati woumba wina wakhungu analota mulungu Devnarayan akumuuza kuti akumbe dongo pamalo ena n'kuumba fano lake, ndipo atatero anapenya. Ogula akale ndi anthu a mitundu ya Bhil, Gujjar ndi ina, omwe amabwera m'mwezi wa Magh, cha mu Januwale ndi Febuluwale, kudzatenga mafano atsopano a m'tiakachisi tawo, nthawi zambiri atatsagana ndi wansembe wawo. Devnarayan amaumbidwa ali pa kavalo, atanyamula mkondo, atavala ngati kalonga. Ndiye kuti munthu wachifumu wotumphuka pa dongo analipo kale ku Rajasthan, kungoti anali mulungu. Pamanda a mafumu ku Bada Bagh, kufupi ndi Jaisalmer, palinso miyala yosemedwa munthu ali pa kavalo, yokumbutsa mfumu iliyonse yomwe inawotchedwa pamenepo.

A ku Molela amasakaniza dongo ndi ndowe za bulu zouma. Wina akhoza kunyansidwa nazo, koma nzeru yake ndi yakuya. Ulusi wa udzu wa m'ndowemo umagwira dongo kuti lisang'ambike pouma, ndipo pamoto umapsa n'kusiya timabowo tomwe nthunzi imatulukira. Sagwiritsa ntchito chikombole. Amayala phale pansi, n'kumaumba thupi ndi tizigamba ta dongo topyapyala tomwe amatikunga kuti mkati mukhale mphako, n'chifukwa chake fano lalikulu limapepuka ndipo siliphulika pamoto. Ntchito yaikulu amaigwira m'nyengo yozizira, popeza dzuwa la chilimwe ku Rajasthan limaumitsa dongo mothamanga mpaka kuling'amba. Mmodzi wa iwo, Mohan Lal Kumhar, analandira ulemu wa boma wa Padma Shri mu 2012.

Ku Kutch, ku Gujarat, kuli luso lina la dongo lotchedwa lippan, lomwe amayi amakongoletsa nalo makoma a nyumba zozungulira pogwiritsa ntchito mizere ya dongo ndi timagalasi. Silikhala ndi nkhope za mafumu, koma timagalasi ndi mizere yake mudzazipeza m'mphepete mwa zithunzi zambiri zamakono.

Pamene mzere usanduka mthunzi

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chithunzi cha pa pepala chilibe mthunzi, pomwe chithunzi chotumphuka chimaoneka chifukwa cha mthunzi basi. Woumba alibe mzere wakuda woti alekanitse nawo tsaya ndi khosi. Ali ndi kukwera ndi kutsika kwa dongo, ndipo kuwala kukagunda pamenepo ndi pamene nkhope imabadwa.

Amayamba ndi kuyala phale lochindikala mofanana, n'kusindikizapo mzere wa chithunzi chimene akutsanzira. Kenako amayenera kusankha chomwe chili pafupi ndi woonera ndi chomwe chili patali, funso limene wojambula wa Shah Jahan sankavutika nalo kwenikweni. Pa nkhope yoyang'ana kumbali, malo okwera kwambiri ndi phewa, khutu, fupa la tsaya ndi m'mbali mwa nduwira. Mphuno, milomo ndi chibwano zili pakati pa mutu, kutali ndi ife, choncho ziyenera kukhala zotsika, pafupi ndi phale. Ongoyamba kumene amachita zosemphana. Amatukula mphuno chifukwa m'maganizo mwawo mphuno ndi chinthu chotuluka, ndipo nkhope imaoneka ngati yaphwanyidwa. Mutu weniweni ndi wa masentimita pafupifupi 15 kuchokera khutu lina kufika lina, ndipo theka lake lonse liyenera kulowa mu sentimita imodzi kapena ziwiri popanda kusokoneza dongosolo la chomwe chili patsogolo pa chinzake. Kuoneka cham'mbali kumathandiza, chifukwa mzere wa chipumi, mphuno ndi chibwano umanyamula kufanana kwakukulu. N'chifukwa chakenso osula makobidi padziko lonse amakonda nkhope ya cham'mbali.

Diso ndi lovuta kuposa zonse. Amisiri a Rajput ankajambula diso lalitali, looneka pafupifupi ngati la munthu woyang'ana kutsogolo, pa nkhope ya cham'mbali. Pa pepala zimakoma. Pa dongo diso limafuna dzenje loti likhalemo, chikope chapamwamba chimafuna kuchindikala kwake, ndipo diso la ku Kishangarh likangomatidwa pamwamba pa tsaya limaoneka ngati chinthu chobwereka. Oumba aluso amalifupikitsa pang'ono, n'kulilowetsa pansi pa nsidze, kenako n'kubweza kutalika kwake ndi kamzere kopyapyala kopita kukhutu. Ena amasiya malo a diso osalala n'kulijambula ndi utoto. Njira zonse ziwiri n'zabwino, bola munthu adziwe chimene wasankha.

Nsalu nayo ili ndi vuto lake. Mafumu ankavala nsalu yopyapyala ya ku Dhaka yoonekera mkati, ndipo mpango wa Bani Thani umaonetsa tsitsi ndi ndolo pansi pake. Dongo silionekera mkati. Njira yokhayo ndi kuumba kaye thupi lonse, kenako n'kusonyeza nsaluyo ndi m'mphepete mwake mokha ndi mapindo awiri kapena atatu. Amene amayala chigamba chonse cha dongo pamwamba amatulutsa bulangeti. Kuwala kozungulira mutu nakonso, komwe pa pepala ndi golide wopepuka, pa dongo kumasanduka mbale yolemera ngati katukulidwa kwambiri. Ambiri odziwa amakulowetsa m'kati mwa phale, kapena amangokanda timizere totuluka ngati cheza cha dzuwa.

Mikanda ndiyo yosavuta, ndipo apa ndi pamene pali msampha. Kubulungiza timipira ta dongo n'kutindandalika pachifuwa ndi ntchito yotopetsa koma yosafuna diso la mmisiri, ndipo imasangalatsa woonera msanga. Munthu akhoza kuthera sabata pa mkanda, n'kuthera ola limodzi pa pakamwa. Zotsatira zake zimaoneka.

Zikatha zimenezi pamabwera kuumitsa, komwe kumafuna mtima wa kuona maso a nkhono n'kudekha. Dongo limafota likamauma, nthawi zina mpaka gawo limodzi pa magawo 10. Malo opyapyala amauma msanga kuposa ochindikala, m'mphepete mumauma msanga kuposa pakati, ndipo kukokana kumeneku ndi kumene kumapinda phale kapena kuling'amba, kawirikawiri pakhosi, pomwe mutu wochindikala umakumana ndi malo opyapyala. Pofuna kupewa izi amagoba kumbuyo kwa malo ochindikala, amaphimba m'mphepete ndi pulasitiki, amasakaniza dongo ndi ufa wa mapale akale owotcha, ndipo chilichonse chomata amayamba achikanda kaye n'kupakapo phala la dongo. Chithunzi chachikulu amachidula m'matailosi, ndipo woumba wanzeru amadutsitsa mpeni m'mphepete mwa nduwira kapena mwa phewa, osati pakati pa tsaya.

Pamoto pali malo awiri oopsa. Pa madigiri 100 a Celsius madzi otsala amasanduka nthunzi, ndipo ngati alibe potulukira amaswa chithunzicho. Cha pa madigiri 573 timiyala ta mchenga ta m'dongo timafufuma mwadzidzidzi, ndipo pozizira timafotanso pa malo omwewo, choncho moto suyenera kuthamangitsidwa pokwera kapena potsika. Dongo lofiira limapsa bwino pakati pa madigiri 800 ndi 1,000. Kufiirako kumachokera ku chitsulo cha m'dongomo chikakumana ndi mpweya wokwanira, ndipo pamene utsi wachuluka pamada.

Tsopano, zithunzi zambiri zimene zikugulitsidwa ndi dzina la dongo sizinaonepo moto. Zimapangidwa pa thabwa la MDF (utuchi wopanikizidwa ndi guluu) ndi phala la epoxy, phala la kufakitale la magawo awiri osakaniza pamodzi, lomwe ku India limadziwika ndi maina monga Fevicryl Mouldit, ndipo limauma lokha pakatha ola limodzi kapena awiri. Ena amagwiritsa ntchito ufa wa choko wosakaniza ndi guluu, kapena dongo louma ndi mphepo. Pamwamba amapakapo utoto wa acrylic, golide woyerekezera ndi timiyala ta galasi. Sindikuona chifukwa chozinyozera zimenezi. Epoxy siifota, siifuna uvuni, imagwira timizere tating'ono kwambiri, ndipo yatsegulira khomo anthu ambiri, makamaka amayi ogwirira ntchito m'nyumba zawo m'matauni, omwe sakanapeza malo owotcherapo dongo. Koma imaumiriza liwiro. Dongo lenileni limakulolani kubwerera ku tsaya mawa ndi mkuja mpaka lifanane, pomwe epoxy imauma musanamalize kuganiza. Mwina ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene zithunzi za epoxy zimakhalira ndi mikanda yogometsa koma nkhope zosalala zofanana zonse.

Mfumu yopanda dzina

Chifukwa china chili mu mbiri. India atalandira ufulu mu 1947, munali maufumu oposa 500 omwe analowetsedwa m'dziko limodzi. Mu 1971 boma la Indira Gandhi linathetsa ndalama zapachaka ndi maudindo a mafumuwo. Nyumba zina zachifumu zinali zitayamba kale kusanduka mahotela: Rambagh ku Jaipur mu 1957, Lake Palace ku Udaipur mu 1963. Ufumu unasanduka chinthu chogulitsa kwa alendo. Kampani ya ndege ya Air India inali itapanga kale, mu 1946, kamfumu kojambula ka ndevu zopotedwa ndi nduwira ya mizeremizere, kopanda dziko kapena mbiri, ndipo kanatchuka padziko lonse. Onjezani pamenepo zithunzi za kamera za mafumu a m'nthawi ya Angerezi, monga Bhupinder Singh wa ku Patiala, yemwe mkanda wake wopangidwa ndi kampani ya ku Paris ya Cartier mu 1928 unali ndi madayamondi 2,930. M'maganizo mwa ogula, mfumu ya ku India inakhala mulu wa miyala yonyezimira wokhala ndi ndevu.

Woumba wa lero akamafufuza pa intaneti chithunzi choti atsanzire, zimenezi ndi zimene amakumana nazo poyamba. Ndiye mumapeza nduwira ya ku Punjab pa mutu wokhala ndi dzuwa la ku Mewar kumbuyo, mkanjo womangidwa mbali iliyonse, zenera la a Mughal ndi timagalasi ta ku Kutch, zonse pa thabwa limodzi. Kusakaniza pakokha si mlandu, popeza amisiri a Jahangir nawonso ankabwereka kwa Aperisiya ndi kwa Azungu. Koma iwo ankadziwa chimene akubwereka, ndipo pakati pa zonsezo pankakhala munthu amene mkazi wake akanamuzindikira. Chimandipweteka ine n'chakuti luso lomwe linatchuka chifukwa cholimba mtima kujambula mphuno yokhota ya nduna likukumbukiridwa ndi nkhope zomwe si za munthu aliyense.

Pa zithunzi za akazi nkhaniyo ndi yosiyana pang'ono, ndipo ndi bwino kunena chilungamo. Akazi a kunyumba zachifumu ankakhala kobisika, amisiri aamuna kawirikawiri sankaloledwa kuwaona, choncho zithunzi zambiri zakale za mfumukazi zinali kale nkhope zongoganizira. Woumba akapanga mfumukazi yopanda dzina sakuphwanya mwambo, akuupitiriza. Funso n'lakuti, poti lero palibe chotchinga, n'chifukwa chiyani apitirize?

Pali amisiri omwe anasonyeza kuti dongo lingathe kunena zambiri za anthu aulamuliro. K. G. Subramanyan, amene anabadwa mu 1924 n'kumwalira mu 2016, ndipo anaphunzitsa ku Baroda ndi ku Santiniketan, anakuta khoma la nyumba ya zisudzo ya Rabindralaya ku Lucknow ndi matailosi adongo mu 1963. Mu 1971, m'chaka cha nkhondo ya ku Bangladesh, anaumba mapale oonetsa akuluakulu a asilikali ndi mamendulo awo. Ankayala dongo lopyapyala, kulipinda ndi kulitsina ngati nsalu, osabisa kuti ndi dongo. Zokongoletsera za pachifuwa, zomwe m'zithunzi zachifumu zimatamanda mwini wake, iye anazisandutsa umboni womutsutsa. Sanali kutsanzira a Mughal, koma anamvetsa chimene iwo ankadziwa, kuti chovala cha munthu wamphamvu chimalankhula.

M'zithunzi zakale momwemo mulinso njira ina yomwe oumba sanaiyendebe mokwanira. Nainsukh wa ku Guler, yemwe anamwalira mu 1778, anatumikira kalonga wamng'ono, Balwant Singh wa ku Jasrota, ndipo anamujambula akumetedwa ndevu, akulemba kalata m'tenti, akuwotha moto atafunda. Mikanda ndi yochepa, malo opanda kanthu ndi ambiri, ndipo munthuyo mumamudziwa kuchokera pa chithunzi china kufika pa china chifukwa cha mphuno yake ndi kakhalidwe ka mapewa ake. Zithunzi zoterezi n'zoyenerera dongo losapenta kuposa chithunzi chilichonse cha pa mpando wachifumu, chifukwa mphamvu yake ili m'maonekedwe a thupi, omwe mthunzi umatha kuwanyamula. Ndipo amisiri odziwa kufanizira nkhope ndi dongo alipo. Ku Ghurni, mu mzinda wa Krishnanagar ku West Bengal, mabanja a oumba akhala akupanga tianthu tadongo tofanana ndi anthu enieni kuyambira m'zaka za m'ma 1700, pamene mfumu Krishnachandra inkawathandiza.

A ku Molela nawo sanaime malo amodzi. Kuwonjezera pa milungu, tsopano amaumba moyo wa kumudzi, maukwati, magulu a anthu ndi akavalo, ndiponso makoma athunthu a mahotela ndi nyumba za m'tauni, ndipo dzina la ntchito yawo linalembetsedwa ku boma kuti lizitetezedwa monga chinthu cha malo amenewo. Chitetezocho chimakhudza dzina lokha. Sichiletsa munthu kutengera maonekedwe awo pa epoxy n'kugulitsa motchipa, ndipo wogula wosadziwa amangoona kuti zonse ndi dongo. Kusiyanitsa n'kosavuta ngati chithunzicho chili m'manja. Dongo lowotcha limalira mukaligogoda ndi chikhadabo, limazizira pogwira, kumbuyo kwake ndi kofiira kapena kwa mawanga a utsi, ndipo la ku Molela limakhala ndi mphako ndi timabowo totulukira mpweya. La epoxy limamveka ngati thabwa, kumbuyo ndi kosalala, ndipo m'nyumba yachinyezi MDF imayamba kufufuma m'mphepete. Pogula pa intaneti, pemphani chithunzi cha kumbuyo kwake ndi china chojambulidwa kuwala kukuchokera cham'mbali. Kuwala kochokera kutsogolo kumabisa zolakwa zonse za kaumbidwe, pomwe kwa cham'mbali kumaonetsa ngati pansi pa utotowo pali fupa la tsaya, dzenje la diso ndi khosi lolumikizana ndi phewa, kapena ngati nkhopeyo inangopentedwa pa chotupa chosalala.